ANabuleki ndi Tsiku Lachisanu la Mpikisano wa M'mapiri

Malemu anabadwa pa 9 Ogasiti 1983, m'kachipinda ka kuseri kwa shopu yokonzera njinga ya bambo athu. Anali achitatu m'banja la ana asanu, ndipo mwana wamkazi anali iwo okha. Ine amene ndaima pamaso panu ndine mlongo wawo wamkulu. Abusa, akuluakulu a mpingo, achibale, anzawo a pa njinga amene mwabwera ndi majezi anu, ndi nonse amene mwadzakhuza maliro ano, ndikupempha kuti mundipirire. M'mbiri muno muli mawu olemera amene sitinazolowere kuwamva pamaliro. Sindinawasankhe ine. Eni ake agona apawa ndiwo anandilamula.

Anayamba sukulu mu 1990. Mutu unalipo ndithu, koma miyendo sinkalola kukhala pansi pa desiki. Mu 1995, ali ndi zaka khumi ndi ziwiri, anatenga mobisa njinga ya kasitomala imene bambo anali ataichotsa mabuleki, natsika nayo msewu wotsetsereka wochokera kumene amaswa miyala. Chimene chinawaimitsa ndi khoma la chigayo. Mano awiri akutsogolo anatsala pomwepo. Bambo anawakwapula ndi chubu chakale magazi asanaume kukamwa, kenaka anawaponyera sipanala kuti awongole limu ya tayala imene anaipinda. Anaiwongola, akulira, akulavula magazi m'chitini cha girisi. Kuyambira tsiku limenelo amakanika a mumsewu wathu anawatcha aNabuleki, dzina lachipongwe, popeza buleki ndi chinthu chimodzi chimene achemwali anga sankagwirizana nacho.

Mu 1999 bambo athu anafa ziwalo mbali imodzi. Malemu anasiyira sukulu m'chaka chachiwiri cha sekondale nakhala pa benchi ya bambo. Poyamba amuna ankabwerera ndi njinga zawo pakhomo akaona kuti makanika ndi mtsikana. Pasanathe chaka, amuna omwewo ankandilambalala ine nkumati, “Tikudikira achemwali anu.”

Pa 14 Julayi 2001 anakwatiwa ndi bambo wina woyendetsa lole yonyamula miyala. Mulungu anawadalitsa ndi mwana wamwamuna mu 2002 ndi wamkazi mu 2005.

Mu 2008 munthu wina anabweretsa pashopu njinga ya matayala onenepa, yokwerera mapiri, nawauza za mpikisano wake. Kwa inu amene simuudziwa, mpikisano umenewu sutha tsiku limodzi. Anthu amapalasa masiku atatu, asanu, ena asanu ndi awiri, m'tinjira ta miyala, m'mitsinje ndi m'mphepete mwa maphompho. Tsiku lililonse lili ndi ndime yake, ndipo nthawi za masiku onse amaziphatikiza. Amene watenga nthawi yochepa ndiye wapambana. Malemu anatola zidutswa za njinga zitatu zakufa napanga imodzi. Mu Meyi 2009 analowa mpikisano wawo woyamba wa masiku atatu, napambana kumbali ya amayi. Mwamuna wopambana anapatsidwa njinga yamoto. Malemu anapatsidwa tayala limodzi ndi beseni. Anafika kunyumba beseni lili pamutu, akuseka, koma ife owadziwa tinaona kuti mtima wapsa.

Mu 2012 anapambana koyamba mphotho ya ndalama. Amuna awo anati ndalamazo ndi zawo, popeza mkazi ndi wawo. Malemu atakana, bamboyo anadula felemu ya njinga ndi sowo ana akuona, kenaka anapanikiza dzanja la akazi awo pachitseko mpaka zala ziwiri kuthyoka. Malemu anatola sipanala yaikulu ndi dzanja linalo. Bamboyo anasokedwa kumutu, ndipo banja linathera pamenepo. Malemu anabwerera ku kachipinda kamene anabadwiramo ndi ana awiri, nawotcherera felemu ija. Patatha milungu isanu ndi umodzi anali pa mzere woyambira, zala zomanga ndi tepi ku handulo.

Pano ndisaname. Achemwali anga sanali munthu wofatsa pa njinga. Kunyumba anali mayi wachifundo, okonza njinga za amasiye osafunsa kanthu, oimba bwino kwaya ngakhale mano anali oikirira. Koma wezulo akalira ankasanduka munthu wina. Ankati panjira yopapatiza palibe amene amakupatsa malo, umadzitengera wekha ndi chigongono. Anathyoka fupa la paphewa kawiri, nthiti sitinaziwerenge. Mu 2015 anaimitsidwa chaka chathunthu chifukwa chomenya chibakera bambo wina amene anawakoka jezi pokwera phiri. Bamboyo anakomoka.

Chaka cha 2014 ndi chimene kunabwera mayi wina wogwira ntchito pachipatala, amene ankapikisana pa masiku ake a tchuthi. Onse a pa njinga amangowatchula kuti a Namwino. Kwa zaka khumi amayi awiriwa analandana mphotho, uyu chaka chino, uyo chaka chamawa. Sankapatsana moni. Tsiku limodzi lokha ndi limene anaima pamodzi. Mu Juni 2018 amayi onse anagoneka njinga zawo pa mzere woyambira, nati palibe amene anyamuke mpaka mphotho ya amayi ifanane ndi ya abambo. Okonza mpikisano anaitana alonda. Alondawo anabwera ndi zibonga, nayamba kumenya ndi kuponda masipoko. Malemu anang'ambika pamutu. A Namwino anawasoka pomwepo, atakhala pa bokosi la zakumwa, popanda mankhwala ochititsa dzanzi. Atamaliza, malemu anati, “Mwasoka mokhota.” A Namwino anayankha kuti, “Mutu wake ndi wokhota kale.” Mmawa mwake anayambiranso kusalankhulana.

Nkhondo ya mphothoyo inatenga zaka zisanu ndi chimodzi. Chaka chino, kwa nthawi yoyamba, mpikisano waukulu wa masiku asanu ndi awiri unalengeza kuti mayi wopambana adzalandira chimodzimodzi ndi bambo wopambana. Malemu anali ndi zaka makumi anayi ndi chimodzi, mawondo akulira ngati chitseko chakale. Anandiuza kuti uwu ndi womaliza. Ankafuna kugula nyumba imene muli shopu yathu, kuti ana awo asadzathamangitsidwemo, kenaka apachike njinga pakhoma. Mwana wawo wamwamuna ndi msuweni wake anapita nawo ngati amakanika, akuyenda pa galimoto ya katundu.

Mpikisano unayamba Lolemba pa 16 Seputembala 2024. Tsiku loyamba anatsogola malemu. Lachiwiri tcheni chinaduka ndipo anataya mphindi zitatu. Lachitatu ndi Lachinayi anazibweza pang'onopang'ono, akupalasa ngati munthu amene akuthawa moto. Pofika Lachisanu, a Namwino anali patsogolo ndi masekondi makumi anayi okha.

Lachisanu pa 20 Seputembala, dzuwa lili pamutu, amayi awiriwa anafika okhaokha pa chitsetso chachitali, thanthwe kudzanja lamanja, chigwembe cha miyala kumanzere, njira yake yokwana tayala limodzi. Njinga zinagundana ndipo onse anagwa. A Namwino anasupuka mkono ndi ntchafu. Malemu anagwera ndi thupi lonse pa nsonga ya handulo yawo yomwe, ndipo inawalowa pansi pa nthiti zakumanzere. A Namwino akanatha kukwera nkumapita, mphotho ikanakhala yawo. Anaika njinga pansi, nagwada, nakanikiza pamimba pa mnzawoyo. Anaona milomo ikuyera. Anawauza kuti akutaya magazi m'kati, agone pomwepo adikire ambulansi. Malemu anawakankha pachifuwa, nakwera njinga.

Anapalasa makilomita khumi ndi asanu ndi atatu kapamba atang'ambika. Madokotala akuti sakumvetsa kuti zinatheka bwanji. A Namwino ankabwera m'mbuyo mwawo, osati kupikisana, koma kukuwira aliyense wa m'njira kuti aimbe foni. Malemu anadutsa mzere womaliza ali oyamba, anthu akuimba m'manja, nagwa chammbali mapazi akadali m'mapedulo. Mwana wawo wamwamuna atawanyamula mutu, malemu anatchula mawu amodzi okha: “Namwino.”

Mwanayo anamva ngati mayi ake akutchula munthu amene wawapweteka. A Namwino atangofika, iye ndi msuweni wake anawagwetsa pa njinga. Anawamenya ndi pampu yachitsulo ndi mtengo wa tenti, nawaponda kumaso ali pansi. Anthu ena, osadziwa kanthu, anathandizira. Nsagwada inathyoka pawiri. Diso lakumanzere mpaka lero silikuona. Munthu yekhayo pamalopo amene ankadziwa chimene chikuwapha achemwali anga anagona m'fumbi osatha kulankhula, ndipo othandiza ovulala anataya nthawi akuganiza kuti malemu angokomoka ndi dzuwa. Ambulansi imodzi inanyamula onse awiri.

Malemu anachitidwa opaleshoni madzulo a tsiku lomwelo. Loweruka sanatsegule maso. Lamulungu mmawa anatsitsimuka nafunsa a Namwino. Ndinawauza zimene zinachitika, popeza sindinathe kuwanamiza. Anatembenukira kukhoma. Kenaka anandiuza kuti nditenge cholembera, mayi busa ndi mwana wawo wamkazi ali pomwepo. Ndiwerenga monga anayankhulira.

“Achimwene, lembani. Namwino sanandikankhe. Ndine ndinalowetsa chigongono. Ndinaona kuti malo palibe, koma ndinalowa dala, ndimafuna agwe. Pa mzere paja ndimamuitana kuti adzandithandize, chifukwa ndinadziwa kuti ananena zoona. Izi mukawerenge pamaliro, anthu onse akumva, osati kukanong'onezana kuseri kwa nyumba. Mwana wangayo anamenya chifukwa ndi zimene anakula akuziona kwa bambo ake ndi kwa ine. Koma akayankhe mlandu wake. Musamubise.”

Anapempha kuti awakankhire pa bedi lawo kupita ku chipinda cha a Namwino, koma madokotala anakana chifukwa cha mapaipi. Choncho ine ndinapita ndi pepalalo kukawawerengera. A Namwino sakanatha kuyankha, popeza nsagwada ndi yomanga ndi mawaya. Analemba kuseri kwa pepala lomwelo kuti, “Muwauze amwe mankhwala, asakangane ndi manesi.” Malemu atamva anaseka mpaka makina anayamba kulira.

Lolemba impso zinasiya kugwira ntchito, thupi linatentha. Lachiwiri pa 24 Seputembala 2024, nthawi ili 10 koloko mmawa, achemwali anga anatisiya, dzanja lawo lili m'manja mwa mwana wawo wamkazi.

Mpikisano unapitirira popanda iwo awiri. Anapambana mayi wina amene anali pa nambala yachitatu, ndipo analandira mphotho yofanana ndi ya abambo, monga amayi onse aja anamenyera. Masiku apitawa tamva mphekesera zambiri, ndipo ena mwa achibale mwakhala mukulankhula zokawotcha galimoto ya a Namwino ndi zina zoposa apo. Mwamva tsopano ndi makutu anu. Aliyense amene akweze dzanja pa nkhani imeneyi adziwe kuti akulimbana ndi mawu a malemu, ndipo banja lino silidzamuimira.

Malemu asiya mayi athu okalamba, amene akhala kumutu kwa bokosiwo. Asiya ana awiri, wamwamuna ndi wamkazi, ndi mdzukulu mmodzi wa miyezi isanu ndi itatu. Asiya alongo anayi, azilamu, ndi ana a alongo awo khumi ndi mmodzi. Mphwanga, mwana wa malemu, pamodzi ndi msuweni wake, apolisi awalola kuti aike mayi awo m'manda. Mawa mmawa ine malume awo ndiwaperekeza ndekha ku polisi.

Tikuthokoza madokotala ndi anamwino amene anayesetsa masiku anayi. Tikuthokoza anthu asanu ndi awiri a pa njinga amene anapereka magazi akadali ndi matope m'miyendo. Tikuthokoza mpingo, amayi amene akhala kumoto chiyambire Lachiwiri, amakanika a mumsewu wathu amene atseka mashopu lero, ndi akalipentala amene akana kulandira kanthu pa bokosi.

Pomaliza tikuthokoza mayi amene akhala pa mpando wa matayala pafupi ndi khomo, atavala magalasi akuda. Madokotala anawaletsa kutuluka m'chipatala, koma anasaina okha pepala nabwera. Mayi, munasiya mphotho panjira kuti mugwadire mlongo wathu, ndipo ife tinakulipirani ndi pampu yachitsulo. Pamaso pa anthu onsewa, m'dzina la banja lonse, ndikugwada. Simungathe kutiyankha lero, ndipo sitikukukakamizani kuti mudzatiyankhe. Tangopempha anyamula bokosi kuti potuluka aime pang'ono pamene mwakhalapo, chifukwa malemu anafuna kufika kwa inu ndipo sanathe.

Achemwali, mwavutika mokwana. Ambuye amene amadziwa zonse akulandireni ndi chifundo, ndipo mzimu wanu uuse mumtendere.