Bambo Hosea Zgambo ndi Nsomba za M'migolo

Abale, alongo ndi onse obwera kudzalira nafe, Bambo Hosea Zgambo atisiya Lachiwiri pa 5 Novembala 2024, pa chipatala cha ku Chama.

Malemu anabadwa pa 14 Juni 1958 kuno ku Tembwe. Anayamba sukulu mu 1966, ndipo mu 1981 anamaliza maphunziro a uphunzitsi. Mu 1983 anakwatira Mayi Eneless. Anaphunzitsa ku Chikwa ndi ku Kambombo mpaka kupuma ntchito mu 2013.

Kuyambira chaka chimenecho, Loweruka lililonse ankayenda mumtsinje wa Kavumbu. Ankadziwa kuti matemba a mzere wakuda amakonda pamchenga posaya, ofiira zipsepse amabisala m'mizu ya bango, ndipo timilamba timakhala m'matope. Ankanena kuti nsombazi zimakhala mtsinje umodzi mwamtendere chifukwa iliyonse ili ndi malo ake. Ambiri mwa ife tadya ndiwo zochokera m'maiwe amene iwo ankaletsa kuphamo ndi masikito.

Chilala cha chaka chino chitaumitsa mtsinje, pa 9 Seputembala anayamba kutunga nsomba zotsala ndi ndowa, kubwera nazo panjinga. Anaziika m'migolo itatu kuseri kwa nyumba, mtundu uliwonse pawokha. Zonse zinali 214. Ankafuna kudzazibwezera mvula ikagwa.

Pa 21 Okutobala anagwa panjira akuchokera kumjigo, atanyamula madzi a nsombazo. Anagonekedwa masiku khumi ndi asanu.

Pano tiyenera kuvomera cholakwa chathu. Iwo ali kuchipatala, madzi anativuta, ndipo tinathira migolo yonse mu umodzi. Timilamba tinadya matemba ambiri tisanazindikire. Sitinawauze.

Asiya Mayi Eneless, ana anayi, Fred, Agness, Ennie ndi Hellen, komanso zidzukulu zisanu ndi zinayi. Tikuthokoza anamwino, amayi a mpingo, ndi aphunzitsi anzawo amene atithandiza galimoto. Mulungu awalandire Bambo Zgambo, apumule mumtendere.

Pomaliza tili ndi pempho. Malemu sanalembe kuti nsomba iliyonse anaitenga m'dziwe liti, ndipo pabanja palibe akudziwa. Ngati alipo amene anayendapo nawo mumtsinje, chonde tionane tikachoka kumanda, musadikire mawa. Manje mjigo wayamba kutulutsa matope, ndipo mvula sinagwe. M'mawa uno tawerenga matemba 23.