Lumo Losamveka Pakhosi

Pamsika wa ku Lungwena, m'zaka zija othawa nkhondo ya ku Mozambique ankakhamukira kuno, wometa wina ankapititsa lumo lake pa lamba wachikopa osalekeza. Mlendo amene anakhala pampando, thovu la sopo lili mbuu kumaso, anatopa n'kudikira.

"Achimwene, lumolo lathwa kale. Kulisalalitsa chonchi kukuwonjezera chiyani? Ndevu ndi ndevu basi."

"Kumawonjezera, bambo. Lumo longothwa limameta, koma mumalimva likukoka. Losalala simulimva n'komwe. Munthu amayamba waona magazi pamalaya asanamve kuwawa."

"Munaphunzira kuti zimenezi?"

"Kwathu, kutsidya kwa malire. Zigawenga zitatentha mudzi wathu, zinandisiya wamoyo kuti ndizimeta mkulu wawo. Ankandiuza kuti ndikangomucheka pang'ono, nditsatira mkazi wanga kumanda."

"Pepani kwambiri. Ine ndine wa konkuno, ndimangogula usipa."

"Inde, bambo. Mkulu wa zigawenga ujanso anali ndi chipsera kunsi kwa khutu, chonga chanuchi. Lumo langa linkachilambalala m'mawa uliwonse."

"Zisiyeni ndevuzi, ndidzabwera tsiku lina."

"Ayi, ndayamba kale. Kwezani chibwano. Ndipo musameze malovu."