Kalata Yomunenera Kapitawo

Pamzere wa ku ofesi yoona za apantchito, mayi wina wosoka zovala anagwira kalata yodandaula za kapitawo wake. Bambo wamagalasi kumbuyo kwake ankaiwerenga osapempha.

"Mayi, mwalemba kuti amakuchitani 'bully'? Mukudziwa tanthauzo lake?"

"Kupondereza munthu. Kumukalipira ngati galu pamaso pa anzake."

"Fufutani, angakuchotseni ntchito. Ine ndinali mphunzitsi. Kalekale Angerezi ankati 'bully' ponena wokondedwa."

"Sukulu yonseyo munaphunzirako kusuzumira makalata a eni ake?"

"Ndikungokuthandizani, mayi."

"Mwandithandizadi, bambo. Kapitawoyo nayenso anayamba ndi kunditchula wokondedwa. Nditamukana, anandiika pamakina othyola singano, n'kumakuwa kuti ndine waulesi. Tandibwerekani cholembera chanucho, ndilembe mzere kunsi kwa mawuwo."