Andibera Apongozi Owuluka

Che Maulidi, dalaivala wa galimoto yoperekera madzi akumwa, analowa mu kaofesi kolembera makalata ku Al Rigga, mu mzinda wa Dubai, nkhope ili ndwii. Anadumpha matebulo awiri n'kukakhala pa la Lennah, mtsikana wa ku Ntcheu, poti ankafuna kudandaula m'Chichewa kuti mkwiyo usatayikire m'Chingerezi.

Nkhani yake inali yotere. Masiku opuma, Maulidi ankakoka mafilimu a ku China pa intaneti, kuthiramo mawu ake a Chichewa monga amachitira anyamata a m'mavidiyo ku Mangochi, n'kumagulitsa kwa amayi akwathu ogwira ntchito m'nyumba. Tsono Thumbiko, mnzake wogona naye chipinda chimodzi ku Al Nahda, anakopera filimu yake yotchuka, kufufuta dzina ndi nambala ya Maulidi, n'kuikapo zake. Kope la Thumbiko linafalikira m'mafoni mpaka anthu anayamba kuiwala woyambitsa.

Lennah sankadziwa kuseka pa ntchito. Chimene wauzidwa ndicho ankalemba, moti ukatsokomola ankadikira kuti amve ngati chifuwacho chilowe m'kalata.

"Dzina la katundu wobedwayo?"

"Apongozi Owuluka."

"Mwini wake?"

Maulidi anadzigunda pachifuwa. "Ndili pano."

"Munajambula ndinu?"

"Anajambula ndi Matchaina. Ine ndinaikamo nzeru."

Lennah analemba. "Matchainawo anakupatsani?"

"Ayi, chemwali, inali pa intaneti. Inangokhala."

"Posatseka?"

"Panali kaloko, koma kakang'ono."

"Kiyi munali naye?"

"Aaa, inu, kiyi wa chiyani? Pali mnzanga ku ntchito amadziwa pokankha."

Zala za Lennah zinathamanga pa kompyuta, ndipo Maulidi anasangalala kuona kuti wapeza munthu womvetsera. Anakoka mpando n'kufotokoza mmene anaivutikira filimuyo. Eni ake anataya magawo atatu akungolira pansi pa mtengo wa maluwa, iye anadula zonsezo. Mfumu yawo anaisandutsa ya ku Namwera. Nkhondo yolimbirana mpando wachifumu anaikonza kukhala yolimbirana makuponi a feteleza, kuti anthu azimva chifukwa chenicheni chimene munthu angaulukire pa denga ndi lupanga.

"Anadula, anasintha," Lennah anabwereza chapansipansi. "Ogula ndi angati?"

"Lembani mazana atatu."

"Alipo mazana atatu, kapena ndilembe mazana atatu?"

"Ndiye lembani asanu. Aone kuti munthuyu sanabe nkhuku."

"Umboni woti mawuwo ndi anu?"

Apa Maulidi anaseka ndithu. Mphindi zisanu zilizonse, anatero, amatchula dzina lake ndi nambala ya foni, ngakhale pa maliro a mfumu. Ndiye zimenezo n'zomwe mbala ija inachotsa, yopanda manyazi.

Lennah anapempha pasipoti ndi chiphaso cha viza. Maulidi anazitulutsa m'kapepala ka pulasitiki, n'kupukuta tebulo ndi mkono wa malaya asanaziike. Viza imeneyo anali ataisunga zaka zisanu ndi chimodzi osapalamula ngakhale pa maloboti. Ndiyo inkaphunzitsa ana ake awiri, ndiyo inafolera malata nyumba ya mayi ake. Inkanena kuti mwini wake ndi dalaivala, basi, za mafilimu munalibe.

"Kope lina lipita kwa eni filimu ku China," anatero Lennah. "Fomu ikuti eni ake adziwe."

"Eni ake ndine."

"Mwanena nokha kuti anajambula ndi Matchaina."

"Yalla, tiyeni, atumizireni. Andithokoze. Ku Balaka ankawadziwa ndani ndisanabwere ine?"

"Ndilembe kuti akuthokozeni?"

"Lembani. Ndi adiresi yanga yomwe, asasochere."

Atatha, Lennah anati lamulo la pa ofesi ndi loti awerenge kalata mwini wake asanasaine. Anawerenga mosathamanga, ndi mawu a munthu wolengeza za maliro pa wailesi. Ine Maulidi, wa pasipoti nambala yakuti, ndikutsimikiza kuti ndinatenga filimu yotsekedwa popanda chilolezo cha eni ake. Ndinadula, ndinasintha, ndinagulitsa kwa anthu mazana asanu. Ndimapezeka ku Al Nahda, nyumba yakuti, chipinda chakuti.

Maulidi anayamba akugwedeza mutu movomereza. Pofika pa mazana asanu, mutu unaima.

"Chemwali, imeneyo ndi kalata ya wakuba."

"Ndi yanu."

"Mwaisintha inu."

"Ndangoikamo mipumiro."

"Nanga Thumbiko ali pati?"

Lennah anatsetsereka ndi chala mpaka pansi. "Mzere womaliza. Akuti anachotsa dzina lanu."

"Chokhacho?"

"N'chokhacho mwanena kuti anachita."

Makina oziziritsa ankauzira pamutu pa Maulidi penipeni, koma thukuta linatsika m'khosi. Mantha anamugwira munthu wamkulu. Anadziona ali pa bwalo la ndege ndi kachikwama kamodzi, wapolisi kumanja wina kumanzere, kumudzi ana akufunsa chimene abwerera pakati pa chaka.

"Tandiuzani," anatero motsitsa mawu, akuyang'ana matebulo ena. "Matchainawo atatsegula kope limene lili m'mafonimu, angamve dzina la ndani?"

"La a Thumbiko."

"Nambala?"

"Ya a Thumbiko. Koma musadandaule. Mukangosaina apa chilungamo chichitika, aliyense adziwa kuti ndinu."

Anamutambasulira cholembera. Maulidi anabisa manja pansi pa tebulo.

"Khalas, basi. Fufutani."

"Mukuchotsa dandaulo? Fomu ikufuna chifukwa."

"Lembani kuti ndakhululuka."

"Mwakhululukira kuba?"

"Kuba kwake kuti? Thumbiko, mwana wa eni, sanabe. Filimu ija ndi yake kuyambira kalekale, ine ndinkangodutsa."

"Apongozi Owuluka ndi a a Thumbiko?"

"Apongozi, akamwini, mfumu, feteleza, zonse."

"Yonse, mpaka pothera?"

Maulidi anali pafupi kuvomera, koma anakumbukira. Filimuyo inali ya magawo makumi anayi. Thumbiko, ndi ulesi wake wosatsuka ngakhale kapu, anaba makumi atatu okha n'kutopa. Otsalawo ankayendabe m'mafoni a mu Dubai monse, ndipo m'menemo munthu wina wa mawu okoma ankadzitchula dzina mphindi zisanu zilizonse, nambala n'kuibwereza kawiri kuti olemba asaphonye.

Anabweza pasipoti m'kapepala kake, anaika m'thumba la pachifuwa, n'kutseka batani.

"Tsegulani pepala lina, chemwali."

"Lopita kuti?"

"Lembani: Okondedwa achimwene Thumbiko, kwatsala magawo khumi. Chonde musachedwe kuwaba."