Anandikhazika pansi chifukwa cha Chisena

Omvera anzanga, ndakalamba, koma nkhani iyi ikundiwawabe. Kale, sitima zapamadzi zikukwerabe Shire kudzanyamula thonje, ndinkaphunzitsa ku Makhanga. Ana a sukulu yanga ankadziwa Chisena chokha, koma lamulo linali lakuti ndiziwakwapula akachilankhula m'kalasi. Aphunzitsi anzanga anandisankha kuti ndikadandaule zimenezi pamsonkhano wa aphunzitsi ku mishoni.

Ndinakonzekera ndi mtima wonse. Ngakhale m'bwato, powoloka madzi osefukira, ndinkangobwereza mawu anga.

Nthawi yanga itakwana, wotsogolera msonkhano, mphunzitsi wamkulu wa kwathu komwe kuno, anandigwira paphewa.

"Khalani pansi, aphunzitsi. Lilime lanu la Chisenalo litichititsa manyazi pamaso pa azungu. Ndikulankhulirani ine."

Ndiye anauza msonkhano kuti ku Makhanga zonse zili bwino! Ndinapsa mtima. Ndinadzambatuka n'kufuula moni wam'mawa m'Chisena kuti, "Mwacherwa tani, abale?"

"Tacherwa!" anayankha aphunzitsi ambiri, ndipo woyamba kutsegula pakamwa anali wotsogolera yemweyo.

Chaka chomwecho akuluakulu a mishoni anandichotsa ntchito. Ntchitoyo sindiilira. Chimene chimanditsamwitsa mpaka lero n'chakuti wondikhazika pansi sanali mlendo, koma munthu amene chilankhulo chomwecho anachiyamwa kwa mayi ake.