Maulaliki a malemu amuna anga m'kamwa mwa mnzawo

Moni nonse abale ndi alongo mwa Ambuye. Ndine mayi a Tiyamike a kwa Khwethemule, ndimathyola tiyi ku esiteti. Amuna anga atamwalira ndinalandidwa cholowa changa, ndipo wondilandayo ndi munthu amene ananyamula nawo bokosi la maliro.

Malemu anali kalaliki woyeza tiyi pa sikelo, komanso mkulu wa mpingo. Anagula pulogalamu yophunzirira Baibulo pa laputopu, yodzaza ndi mabuku, ndipo m'menemo ndimo ankalembamo maulaliki awo onse. Atadwalika anandiuza kuti, "Mabuku amenewa ndi ako, uzikaphunzitsira amayi anzako."

Tsiku losudzula, akuchimuna anagawana katundu monga mwa mwambo. Njinga inapita, wailesi inapita. Itafika laputopu anaimirira a Namakhwa, mnzawo wa malemu wa ponda apa nane ndipondepo, nati chimenecho ndi chida cha mpingo, asunga iwo. Ndinavomera ndi mtima woyera, poti munthuyu ankadya m'nyumba mwathu ngati mbale.

Lamulungu lachitatu a Namakhwa analalikira za mpesa ndi nthambi zake, akufanizira ndi kudulira tiyi. Anali mawu a amuna anga, mpaka nthabwala ya mpeni wobuntha imene anayamba andiyesera ine pakhonde ndikusenda chinangwa. Anthu anaomba m'manja, koma dzina la malemu silinatchulidwe ngakhale kamodzi. Nditapita kukapempha zanga, anandiseka. "Mayi, kompyuta si dengu la tiyi. Pasiwedinso ndinasintha kale."

Zinandipweteka, ndisaname. Miyezi iwiri sindinaponde kutchalitchi, ndipo pemphero langa linali limodzi lokha: Ambuye, munthu mwatenga, mawu akenso apite?

Yankho linandipeza ku Luchenza, kwa Che Saidi, Msilamu wa shopu ya fotokope kumene malemu ankasindikizitsa maulaliki. Ndinapita kukakopetsa chikalata cha imfa, iwo atangowerenga dzina n'kundipepesa, misozi inayamba yokha. Ndinawafotokozera zonse.

"Mayi, mabuku aja sakhala m'makina," anatero. "Laisensi ya pulogalamuyo ili m'dzina la malemu, ndipo kampani imene inawagulitsa imaisamutsira kwa wolowa m'malo."

Tonsefe, akuchimuna ndi a Namakhwa omwe, pulogalamuyo tinkaiyesa ngati wailesi, yoti wanyamula ndiye mwini wake! Che Saidi anandilembera kalata yachingerezi, tinaphatikizapo chikalata cha imfa ndi cha ukwati, n'kutumiza. Ndinadikira mpaka kutaya mtima. Kenako uthenga unabwera wakuti zonse zili m'dzina langa, ndipo Che Saidi anandiikira pulogalamuyo pafoni yanga.

Choyamba kutsegula chinali ulaliki wa mpesa uja. Pamwamba pake malemu analembapo kuti, "Ndayesera mayi a Tiyamike, aseka. Ndiye kuti uli bwino." A Namakhwa mzere umenewu ankauwona, n'kuudumpha.

Laputopu akadali nayo, koma mabuku sakutsegukanso. Kuwakhululukira ndikuphunzira, sindinafike. Ndikuthokoza Mulungu amene ananditumizira thandizo kudzera pakhomo limene sindinkaliganizira. Inu amene mwalandidwa zanu ndi anthu odya nawo mbale imodzi, musasiye kupemphera, ngakhale pemphero lake likhale lodandaula ngati langa lija. Lachinayi lapitali ndinawerengera amayi anzanga ulaliki uja, ndipo ndisanayambe ndinatchula dzina la mwini wake.