Ndinkafuna Chidindo cha Dokotala Kuti Ndimumalize Mkamwini Wanga

Abale ndi alongo, mumandidziwa ngati mkulu wa mpingo wa ku Mbedza amene sataya pepala. N'zoona. Ndinagwira ukalaliki m'boma mpaka kupuma. Sindinaledzerepo mowa. Ine ndinkaledzera milandu.

Mdzukulu wanga Tadala atabadwa, ankati akayamwa mkaka n'kumatulukira m'mphuno. Thupi linkangofota. Azimayi achikulire anati mwanayu wasemphedwa, bambo ake ayenda ndi mkazi wina iye akadali wakhanda. Pa guwa ndinkalalikira kuti za tsempho n'zachikunja. Koma mkamwini wanga Fanuelo ndinkadana naye kale. Ankacheka matabwa kuphiri, n'kumatsika Loweruka utuchi uli m'mutu. Mwana wanga Esinati, wophunzira bwinobwino, kukwatiwa ndi wocheka matabwa! Mawu a azimayi aja ndinawalandira ndi manja awiri.

Tadala atayamba kuyankhula, mawu ankatulukira m'mphuno. Kusukulu anzake ankatsina mphuno zawo n'kumamuyeserera. Ena anali ana anu, ndipo mayina ndili nawo. Akabwera akulira sindinkamutonthoza. Ndinkalemba tsikulo, n'kuonjezera pa mlandu wa bambo ake.

Ndinaitana ankhoswe. Fanuelo ndinamuthamangitsa pakhomo, banja linatha. Sindinakhutire. Ndinkafuna adulidwe mu mpingo, dzina lake liwerengedwe anthu onse akumva. Ndinkafuna akamadutsa mumsika wa Zomba azimayi azikodolana. Ndinkapemphera kuti sowo imudule dzanja. Inde, ndinkachita kugwada popempha zimenezo.

Bwalo la akulu linandikanira. Abusa anati, "Akulu, mphuno ya mwana si umboni wa chigololo." Ndinatuluka osatsanzika. Nditamva kuti ku Blantyre kwabwera madokotala oona m'kamwa mwa ana, ndinakwera minibasi ndi Esinati ndi Tadala. Sindinkafuna machiritso ayi. Ndinkafuna pepala lachidindo loti ndikaponye pa tebulo la abusa.

Dokotala wake anali mayi. Anaika kagalasi pansi pa mphuno ya Tadala n'kumuuza kuti anene "sopo", "kapu", "pita". Galasi lonse linachita nthunzi. Anamuunika m'kamwa ndi tochi, kenako analowetsa kachingwe koonera m'mphuno. Anatifotokozera kuti kumwamba kwa m'kamwa, chakukhosi, kuli mnofu wofewa umene umatseka njira ya kumphuno munthu akamayankhula. Wa Tadala sunalumikizane bwino ali m'mimba, koma khungu linaphimba pamwamba, n'chifukwa chake palibe anaona. Mpweya unkangothawira kumphuno. Anati pafunika opaleshoni yosoka mnofuwo.

Ndinatulutsa cholembera. "Adokotala, lembani kuti zachitika chifukwa cha khalidwe la bambo ake."

"Agogo, zimenezo sindingalembe. Mwanayu anabadwa nazo. Nthawi zina zimangobwera, nthawi zina zimayenda m'banja. Tayasamulani ndione."

Ndinayasamula mwaukali. Anaunika, kenako anandipatsa galasi. Kanyama kolendewera kukhosi kwanga kanali kogawikana pawiri, ngati ka Tadala.

"Inuyo mnofu wanu umatseka ndithu, munachita mwayi," anatero.

Esinati anandiyang'ana. Mu minibasi monse anakhala cheukire pawindo. Tikudutsa pa Namadzi, Mzimu wa Mulungu unandigwira pakhosi pomwepo. Ndinalira ngati mwana, kondakitala mpaka anafunsa ngati kwagwa maliro.

Tsiku la opaleshoni litayandikira, Tadala anakana kudya. Anati sapita popanda ababa ake. Ndinakwera phiri ndi mawondo anga okalambawa, ndinakamupeza Fanuelo m'nkhalango ya paini akunola sowo.

"Apongozi, lero mwabwera ndi samani yanji?"

"Ndilibe pepala, bambo a Tadala. Ndinakunamizirani. Mwana akukufunani."

Anapitiriza kunola. Kenako anati, "Ndibwera chifukwa cha mwana. Inu ndi ine tisanamizane."

Anabweradi. Madokotala anasoka mnofu uja, ndipo Tadala anadzuka dzanja lake lili m'dzanja la bambo ake. Opaleshoni yokha sinamalize ntchito. Mwana anazolowera kupangira mawu kukhosi, ndiye mphunzitsi wa kayankhulidwe akumuphunzitsa mwatsopano, liwu ndi liwu. Sabata yatha munamumva akuwerenga vesi pano, ndipo palibe anatsina mphuno.

Mlandu ndinakauchotsa ku bwalo ndi pakamwa panga. Lero ndikunena pamaso panu nonse, monga ndinkafunira kuti dzina lake liwerengedwe: Fanuelo alibe mlandu. Wabodza ndinali ine.

Kunyumba sanabwererebe. Amatsika Loweruka, amakhala pansi pa mtengo wa mango panja pa mpanda, n'kumayeseza mawu ndi mwana wake. Esinati amamupititsira madzi. Ine ndikamupatsa moni amayankha, basi. Zimenezo ndinazifesa ndekha.

Ndikuyamika Yesu amene sanayankhe pemphero langa loipa lija. Ngati muli ndi mwana amene phala limamutulukira m'mphuno, kapena amayankhulira m'mphuno, thamangirani naye kuchipatala, musasake woti mumuloze chala. Ndipo ngati pali munthu amene mukumupempherera tsoka, bwerani kutsogolo kuno tigwade limodzi. Mukatero mundithandize kupempha chinthu chimodzi: Loweruka likudzali, Fanuelo alowe pageti.